NKHUNZI YABWINO NDIYO THEKA LA KHOLA

Alimi a ku Petauke ndi ku Nyimba, mvula ikayandikira munthu aliyense afuna ng'ombe zamphamvu zokoka pulawo, ndiponso zokoka ngolo ya cimanga, nshawa kapena thonje osagona panjira. Koma m'makola ambiri mucitika cinthu cimodzi cimene cibweza ziweto m'mbuyo. Mlimi akaona mwana wa ng'ombe wamphongo, wamkulu ndi wofatsa, amfula kuti adzalowe m'goli, nasiya kamphongo konyozeka kuti kayende ndi zazikazi. Potero ng'ombe yabwino ifa yopanda mwana, ndipo yonyozeka idzaza khola. Lero tiphunzire za kusankha ziweto, ndipo aphunzitsi athu akhale oweta akavalo a mpikisano.

ZA AKAVALO A LIWIRO

Kuno kwathu akavalo sapezeka kawirikawiri, pakuti kashembe wa ku cigwa ca Luangwa ndi matenda ena a akavalo sawalola kukhala bwino. Koma ku England anthu aweta akavalo a liwiro kwa zaka zoposa 300, ndipo mtundu wao auchula Thoroughbred. Akavalo onse a mtundu umenewu, tikatsata mzere wa atate ao, acokera kwa amphongo atatu okha: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Darley Arabian anagulidwa ku Aleppo m'dziko la Syria, nafika ku England m'caka ca 1704. Mwa zidzukulu zace munabadwa Eclipse m'caka ca 1764, amene anathamanga mipikisano 18 napambana yonse. Lero mwa akavalo 100 a mtunduwu, pafupifupi 95 atsata mzere wa Darley Arabian.

Eni akavalo aja anacita zinthu ziwiri. Coyamba, anayesa kavalo pa liwiro asanamlole kubereka, ndipo wopambana ndiye anapatsidwa akazi. Caciwiri, analemba. M'caka ca 1791 James Weatherby anayamba buku lolembamo kavalo aliyense pamodzi ndi atate ace ndi amace, ndipo bukulo lilembedwabe kufikira lero.

CIMENE MWANA ATENGA KWA MAKOLO

Akulu anati, “Make mbuu, mwana mbuu.” Ife timati khalidwe liyenda m'magazi, koma Gregor Mendel, amene anayesa nsawawa m'munda mwace nalengeza zopeza zace m'caka ca 1866, anaonetsa kuti colengedwa cilandira timbeu ta cibadwa tiwiritiwiri, kena kwa atate, kena kwa amai. Timbeuti tikhala m'timitolo tating'ono tosaoneka ndi maso. Kavalo ali nato 64, ng'ombe 60. Ndiye kuti mwana wa ng'ombe atenga 30 kwa nkhunzi ndi 30 kwa mace.

Tsono taonani. Ng'ombe yaikazi ikhala ndi bere miyezi 9, ndipo ngakhale idye bwino siposa mwana mmodzi pa caka. Koma nkhunzi imodzi ikhoza kukwera zazikazi 25 kapena 30 m'nyengo imodzi. Theka la cibadwa ca ana onsewo licokera kwa nkhunzi yomweyo. Yaikazi yoipa iononga mwana mmodzi. Nkhunzi yoipa iononga ana a mudzi wonse, makamaka kumene ng'ombe za makola ambiri zidya pamodzi kudambo.

SANKHANI MOLINGANA NDI NCHITO

M'caka ca 2010 Emmeline Hill ndi anzace ku Dublin, m'dziko la Ireland, anapeza kuti kambeu kena kolamulira kukula kwa minofu kasiyanitsa akavalo a mpikisano. Ena ali ndi liwiro lalikulu pa mtunda waufupi, ena apirira pa mtunda wautali. Kambeu komweko kapezekanso m'ng'ombe. Ku Belgium kuli mtundu wochedwa Belgian Blue, umene unasankhidwa cifukwa ca nyama yokha. Minofu yace ndi yaikulu kotero kuti zazikazi zambiri sizitha kubereka popanda dokotala kung'amba mimba. Wosankha cinthu cimodzi naiwala zina adziputira mabvuto.

Ng'ombe ya goli ifanana ndi kavalo wa mtunda wautali: ifunika kupirira. Ng'ombe zathu za linunda ndi nyanga zazifupi, zimene zichedwa Angoni, zatenga dzina kwa Angoni amene anaoloka Zambezi ndi Zwangendaba m'caka ca 1835. Zazolowera kutentha, udzu wouma wa cilimwe ndi nkhupakupa kuposa ng'ombe za ku Ulaya. Musazinyoze poona kukula kwa ng'ombe zacilendo. Mwa izo zomwe muli zabwino ndi zoipa, ndipo nchito ya mlimi ndiyo kuzisiyanitsa.

ZOYENERA KUCITA

1. Sankhani nkhunzi musanafule mwana aliyense. Wopambana onse akhale nkhunzi; otsatira akhale a goli; onyozeka afulidwe, anenepe, agulitsidwe.

2. Linganizani ana a msinkhu umodzi amene adya msipu umodzi. Mwana wonenepa cifukwa ca madeya sapatsa ana ace madeyawo. Cakudya cikuza thupi, koma sicisintha cibadwa.

3. Yang'anani cifuwa cotakata ndi cakuya, msana woongoka, khosi lolimba, miyendo yoongoka, ziboda zosapindika, ndi macende awiri ofanana ndi okula bwino. Ikhale yofatsa, pakuti ana a nkhunzi yaukali abvuta kuphunzitsa goli.

4. Yang'ananinso mace. Kodi abereka kawirikawiri? Kodi mkaka wace ukwanira mwana? Kodi alowa m'dzinja ali ndi thupi, kapena acita kumdzutsa ndi mitengo? Mwana wa ng'ombe yodwaladwala asakhale nkhunzi.

5. Fulani amphongo onse osasankhidwa asanayambe kukwera. Alangizi a ziweto adziwa kufula ndi cipangizo ca Burdizzo, cimene cipana mitsempha osaceka khungu, kotero kuti palibe bala loitana nchenche.

6. Lembani m'kabuku ka sukulu dzina la ng'ombe, mwezi wobadwa, mace ndi nkhunzi imene inamkwera. Ngati simudziwa kulemba, mwana wa sukulu akulembereni.

CENJERANI NDI CIBALE

Oweta akavalo atiphunzitsanso ndi kulakwa kwao. Popeza onse athamangira amphongo owerengeka ochuka, akatswiri analengeza m'caka ca 2020 kuti cibale pakati pa akavalo a Thoroughbred cakhala cikukula kwa zaka pafupifupi 50. Kambeu koipa kakhoza kubisala m'ciweto cooneka bwino, pakuti kabwino kocokera kwa kholo lina kakaphimba. Koma nkhunzi ikakwera mwana wace kapena mlongo wace, timbeu toipa tiwiri tikomana, ndipo ana abadwa ofooka, okula pang'onopang'ono ndi osabereka bwino.

Cifukwa cace nkhunzi isakhale ndi gulu limodzi kuposa zaka zitatu, pakuti pa nthawiyo ana ace aakazi ayamba kufuna nkhunzi. Isinthanitseni ndi ya kumudzi wina wakutali, kumene ng'ombe zao sizidya pamodzi ndi zanu. Musanaisamutse, pitani kwa a ofesi ya ziweto ku boma la Petauke kapena la Nyimba mukatenge cilolezo, kuti nkhunzi isabwere ndi matenda a nkhupakupa kapena a kashembe.

Mutu umodzi susenza denga. Mlimi mmodzi akafula amphongo ace onyozeka, koma anzace nasiya ao, nchito yace ipita pacabe tsiku limene ng'ombe zikomana kudambo. Nkhaniyi ikambidwe pa bwalo la mfumu, eni makola agwirizane za nkhunzi zimene zidzatsala, ndipo mwini nkhunzi alandire kanthu, pakuti wataya ng'ombe ya goli cifukwa ca mudzi. Phindu silioneka caka cimodzi. Mwana wa nkhunzi yosankhidwa caka cino adzalowa m'goli patapita zaka zitatu kapena zinai. Koma mlimi amene asunga cimanga cacikulu kuti cikhale mbeu adziwa kale nzeru imeneyi. Aicite tsopano ndi ng'ombe zace, nyengo yofula isanafike.