Kodi kuchirira m'madzi n'kwabwino?

Funso: Mayi wina woyembekezera wa ku Cardiff wauzidwa ndi azamba kuti angathe kuchirira m'bafa la madzi ofunda. Nkhawa yake ndi yakuti khanda lingamire.

Yankho: Mantha amenewa ndi omveka, koma khanda likamabadwa limakhala likulandirabe mpweya kudzera mumchombo, ndipo mzamba amalivuula nthawi yomweyo nkuliika pachifuwa pa mayi ake.

Madzi ofunda amapeputsa thupi ndi kuchepetsa ululu. Kafukufuku wa Cochrane wa mu 2018, wokhudza amayi 3,663, adapeza kuti olowa m'madzi matenda akayamba safuna kwambiri jakisoni wa pamsana. Wina wotchedwa POOL, womwe University ya Cardiff idatulutsa mu 2024, adaonetsa kuti kung'ambika kwambiri kwa mayi kapena kudwala kwa khanda sikuchuluka chifukwa chochirira m'madzi.

Zoopsa zilipo ndithu. Mchombo umaduka kawirikawiri kuposa pabedi, n'chifukwa chake mzamba savuula mwana mwaphuma. Madzi asatenthe kupitirira madigiri 37.5, ndipo bafa litsukidwe bwino kuopa majeremusi. Njirayi ndi ya amayi omwe mimba yawo yakwana masiku popanda vuto ngati kutaya magazi kapena kuthamanga kwa magazi.