Musanalipire puloti kapena nyumba

Ndili ndi kandalama. Ndigule puloti kapena ndingosunga kubanki?

Kumbukirani Novembala 2023, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, itagwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Amene anasunga ndalama ku akaunti anadzuka atasauka, pomwe mwini puloti ku Area 49 kapena ku Chileka anangokweza mtengo. Koma malo sagulitsika msanga. Mwana akadwala usiku simungabenthule ngodya ya puloti n'kukalipira kuchipatala, choncho ndalama ya fizi ndi ya zadzidzidzi isapite kumalo.

Wogulitsa wandionetsa pepala losainidwa ndi amfumu. Silokwanira?

Silokwanira. Apa ndi pomwe ambiri alirira. Pepala lotere limangosonyeza kuti panali mgwirizano, koma silitsimikiza kuti wogulitsayo ndiye mwini yekha. Munda wa makolo umakhala ndi eni ambiri: amalume, alongo, adzukulu, ena ali kutali. Mawa wina amatulukira mutathira kale maziko, n'kunena kuti iye sanamve. Malamulo a malo a 2016, omwe anasinthidwanso mu 2022, anaika nkhani za malo a makolo m'manja mwa makomiti a malo a m'midzi, ndipo anakhwimitsa kagulitsidwe ka malo. Musanapereke ndi tambala yomwe, pitani ku ofesi yoona za malo ya boma lanu mukafunse ngati malowo angagulitsidwe n'komwe, komanso ngati mungadzawatengere lizi. Kenako chezani ndi anthu oyandikana nawo malowo popanda wogulitsa. Iwo ndi amene amadziwa ngati pulotiyo inagulitsidwa kale kawiri.

Nanga ngati pali title deed?

Musakhulupirire fotokope. Tengani nambala ya pulotiyo mukachite search ku ofesi ya Unduna wa Zamalo. Kumeneko mukaona dzina la mwini weniweni, zaka zimene zatsala pa lizi, ndiponso ngati malowo ndi chikole cha ngongole kubanki. Ngati ndi malo a Malawi Housing Corporation kapena a khonsolo ya mzinda, kafunseni ku ofesi zawo. Saveya akuonetseni pamene pali ma beacon, chifukwa mpanda umanama. Funsaninso za ground rent, city rates ndi mabilu a madzi ndi magetsi. Ngongole zimenezi zimatsalira pakhomo, ndipo amene adzavutike nazo ndinu. Ndalama idutse kubanki, mgwirizano alembe loya. Dobadoba wokuuzani kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, msiyeni agulitse kwa ameneyo.

Mwini nyumba anamwalira, akugulitsa ndi mwana wake wamkulu. Ndigule?

Pokhapokha akuonetseni chikalata cha khoti chomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, ndipo mayi wamasiye ndi ana enawo avomereze polemba. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana. Nyumba zina zotchipa modabwitsa n'zolanda kwa amasiye. Musakhale m'gulu la owaliritsa.

Ndingatenge ngongole kubanki, alendi n'kumandibwezera?

Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze nyumba ya K60 miliyoni yomwe lendi yake ndi K300,000 pamwezi. Pachaka ikupatsani K3.6 miliyoni, ngati walendi sanaphonyeko mwezi ndipo denga silinadonthe. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Ngakhale titawerengera pa 26 pomwepo, chiwongoladzanja chokha cha K60 miliyoni ndi K15.6 miliyoni pachaka. Lendi siyikufika ndi kotala yomwe. Zotsalazo zizichokera m'thumba mwanu, ndipo mukalephera banki idzagulitsa nyumbayo.

Ine ndimalimbikitsa njira imene Amalawi ambiri amangira: pang'onopang'ono. Gulani puloti ndi ndalama yanu, mangani kanyumba ka kuseri, ikanimo walendi, lendiyo izigula simenti yomangira nyumba yaikulu. Ngongole, kaya ya kubanki kaya ya ku SACCO, ikhale yaing'ono, yomalizitsira chinthu chimene chiyambe kulowetsa ndalama, monga malata ndi zitseko. Ya katapila musayerekeze.

Ndili ku Johannesburg. Nditumize ndalama mchimwene wanga andigulire?

Tumizani, koma mapepala onse alembedwe m'dzina lanu kuyambira tsiku loyamba. Mukayamba kumanga, ndalama ya zipangizo muzilipira mwachindunji kusitolo, ndipo womanga alipidwe gawo likatha: maziko, linta, denga. Pezani munthu wachiwiri, wosakhala wachibale, azikaona ntchito. Zithunzi za pa WhatsApp zikhoza kukhala za nyumba ya wina. Si kunyoza mchimwene wanu. N'kuteteza ubale kuti usadzathere pa thumba la simenti.

Puloti ya m'mbali mwa phiri kapena mtsinje ndi yotchipa. Cholakwika n'chiyani?

Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Choncho malo otere mukawaone nthawi ya dzinja, osati mu Okutobala.

Ndikafuna kugulitsa ndiyambire pati?

Yambani ndi mapepala: dzina lanu pa lizi, ma rates olipira, pulani yovomerezedwa ndi khonsolo. Nyumba ya mapepala athunthu banki imatha kuilandira ngati chikole, ndiye ogula amachuluka ndipo mtengo umakwera. Itanani katswiri woyeza mtengo wa nyumba, musangomvera zomwe anagulitsira mnansi. Mukagwiritsa ntchito agent, gwirizanani komishoni polemba asanabweretse munthu aliyense. Funsani loya kapena a MRA za msonkho umene ungakhudze phindu lanu, kuti muuwerengere pa mtengo. Wogula akapempha kulipira pang'onopang'ono, kumbukirani kuti kwacha ya chaka chamawa sidzagula zomwe ikugula lero. Nthawi ikhale yaifupi, ndipo makiyi ndi mapepala osinthira umwini mupereke ndalama yomaliza italowa ku akaunti yanu.