Ndalama zachepa: ndiyambe kugula chiyani pa kompyuta?

Funso: Ndikusonkhanitsa zipangizo za kompyuta ya panyumba yoti ana azilembera za kusukulu, ine ndizisungamo maakaunti a golosale. Mnzanga akuti ndigule graphics card, wina akuti RAM. Ndalama n'zochepa, ndiyambe chiti? Bambo wa ku Zomba.

Yankho: Bambo, yambani ndi SSD. Nthawi zambiri chimachedwetsa kompyuta ndi hard disk, chifukwa imawerenga zinthu pa mbale yozungulira. SSD ilibe chozungulira, n'chifukwa chake Windows imatseguka m'masekondi ochepa. Ya 256GB ikukwanirani, koma thumba likalola tengani ya 512GB.

Kenako RAM. Windows 11 imayenda pa 4GB, koma movutikira mukangotsegula masamba angapo pa Chrome. Ikani 8GB, ndipo yambani mwaona ngati motherboard yanu imalandira DDR4 kapena DDR5, poti ziwirizi sizilowana.

Graphics card isiyeni kaye, ndi ya masewera akuluakulu ndi kukonza mavidiyo. Mungotsimikiza kuti purosesa yanu ili ndi graphics zake zamkati.

Pomwe ndikukupemphani kuti musaumire ndi pa power supply. Yotchipa kwambiri ikhoza kuwononga zipangizo zina zonse, makamaka magetsi akamathimathima. Kompyuta ikamazima yokha kapena kumveka fungo la kupserera, izuleni kumagetsi msanga n'kupita nayo kwa okonza.