Nzika Yabwino Imasunga Zoikizidwa

Phunziroli tiliwerenge mosinthana, ndime ndi ndime. Tikafika pa mafunso tiime, aliyense alankhulepo, ndipo achinyamata ndi amayi asasiyidwe m'mbuyo. Pagulu lathu lino la ku Kapondo sitikambirana za chipani chilichonse kapena kutchula dzina la munthu wa m'mudzi mwathu.

1. Tsiku limodzi pa masiku 1,826

Akuluakulu ena pakati pathu akukumbukira tsiku la 14 Juni 1993, pamene Amalawi anaima pamizere kusankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse anasankha nyali, kutanthauza ulamuliro wa zipani zambiri. Kuno kuchigawo chapakati ambiri anavotera kuti chipani chimodzi chipitirire, ndipo maganizo awo sanapambane. Komabe m'mawa mwake onse anatunga madzi pachitsime chimodzi, ndipo pa 17 Meyi 1994 anakaimanso pamzere umodzi kusankha mtsogoleri wa dziko ndi aphungu. Kuyambira pamenepo takhala tikuvota, ndipo posachedwapa tinavota pa 16 Sepitembala 2025.

Tikafunsidwa kuti nzika yabwino ndi yotani, ambiri timayankha msanga kuti ndi imene imavota. Yankholi ndi loona, koma ndi lalifupi. Zaka zisanu zili ndi masiku 1,826, ndipo kuvota kumatenga tsiku limodzi. Phunziro lathu likufunsa za masiku enawo.

Funso: Kupatula kuvota, ndi liti pamene munachita chinthu chifukwa choti ndinu nzika ya dziko lino?

2. Mbuzi yoikizidwa

Tonse tikudziwa za kuikiza. Munthu akamapita kukagwira ntchito kuesiteti kapena ku Joni, amasiya mbuzi zake kwa mnansi. Mnansiyo amazidyetsa, amazitsekera m'khola, koma sazigulitsa ngakhale kunyumba kwake kutagwa vuto. Mwini akabwera, amamuwerengera mbuzi zake pamodzi ndi ana amene zinaswa. Munthu wodya mbuzi yoikizidwa, ngakhale atabweza, m'mudzi samuikizanso kanthu.

Malamulo aakulu a dziko lathu, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, ali ndi ganizo lomweli. Gawo 12 limafotokoza kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a Malawi, ndi kuti amene ali paudindo amangosunga mphamvuzo m'malo mwa anthuwo. Tinganene kuti udindo ndi mbuzi yoikizidwa. 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsanso zofanana ndi izi m'buku limene analembera atsogoleri ndi anthu a ku Persia mu 1875. Iye anayamikira mabungwe a anthu osankhidwa, koma anachenjeza kuti mabungwewo sangapindulitse dziko ngati amene akhalamo ndi okonda ziphuphu ndi ofuna zawo zokha.

Tikamva izi, maganizo athu amathamangira ku Lilongwe, kwa nduna ndi aphungu. Koma tiyang'ane pafupi. Pakati pathu pano pali amene ali mu komiti ya sukulu, ya mjigo, ya chitukuko cha m'mudzi imene timaitcha VDC, kapena amasunga bokosi la banki m'khonde. Aliyense wa iwo anaikizidwa kanthu ndi anthu. Demokalase ya dziko lonse imamangidwa ndi timaudindo totere, ndipo ikayamba kuwola imayambira pomwepa.

Funso: Tchulani maudindo onse osankhidwa ndi anthu amene ali m'mudzi mwanu. Aliwonse a iwo amasunga chiyani?

3. Mndandanda

Boma lathu la Mchinji lili ndi mbiri imene tiyenera kuidziwa. Pulogalamu ya Mtukula Pakhomo inayambira kuno mu 2006, mothandizidwa ndi UNICEF, isanafalikire m'maboma onse 28. Inakonzedwera mabanja ovutikitsitsa amene alibenso munthu wamphamvu zogwirira ntchito, monga gogo wolera adzukulu amasiye kapena banja la munthu wodwala nthawi yaitali. Mabanja otere ankawerengedwa kuti ndi pafupifupi 10 pa 100 aliwonse. Poyamba banja la munthu mmodzi linkalandira K600 pamwezi, banja la anthu anayi kapena kuposa linkalandira K1,800, ndipo ankawonjezera K200 pa mwana wa kupulayimale ndi K400 pa mwana wa kusekondale.

Chofunika kwa ife ndi mmene mayina ankapezekera. Anthu a m'midzi ankasankha komiti, komitiyo inkayendera makomo ndi kulemba mndandanda, kenako mayina ankawerengedwa pamsonkhano wa anthu onse asanapite ku boma kukavomerezedwa. Kalembera wasintha m'zaka zapitazi, koma mfundo yake ikadali yomweyo: wa ku ofesi sangadziwe khomo limene limagona ndi njala kuposa anansi ake.

Tsopano tiyerekeze nkhani iyi. Bambo wina ali mu komiti yotere, ndipo pamndandanda patsala malo amodzi. Pali gogo wina wamasiye amene akulera adzukulu anayi, maso ake saonanso bwino, munda wake wagonera. Palinso mlongo wake wa bamboyo, amene ndi wosauka ndithu koma ali ndi mwamuna ndipo onse awiri amalima. Madzulo mlongoyo afika pakhomo nati, "Achimwene, inu ndinu mwinimbumba wathu. Muli mu komiti momwemo, ana anga azigona ndi njala inu mukuona?"

Tisafulumire kuweruza mayiyu. Pamwambo wathu mwinimbumba ali ndi udindo weniweni pa alongo ake ndi ana awo, ndipo amene sawasamala timamunena. Bamboyu wagwidwa pakati pa maudindo awiri, onse abwino. Kusiyana kwake n'kwakuti chimanga cha m'nkhokwe mwake ndi chake, pamene malo a pamndandanda ndi oikizidwa. Akhoza kuyankha kuti, "Achemwali, mawa mutume mwana adzatenge ndowa ya chimanga, ndipo ganyu wa kumunda kwanga ndi wa alamu. Koma dzina lija sindingalembe, malowo si anga." Ndipo ngati banja la mlongo wake lili m'gulu la oganiziridwa, iye auze anzake a mu komiti za ubalewo, atuluke panja pamene akulikambirana.

Mwina mlongoyo akhala miyezi osamulankhula, ndipo pamaliro abale azimuyang'ana ndi diso lofiira. Umenewo ndi mtengo wake, ndipo tisanamizane kuti ndi wochepa. Koma akalemba dzina la mlongo wake, mtengowo aulipira ndi adzukulu anayi aja, amene alibe mwinimbumba mu komiti.

Mafunso: Kodi bamboyu walakwira mbumba yake? Inu mukanakhala mlongoyo, ndi mawu otani amene akanakuthandizani kumvetsa?

4. Amene akhala pansi pa mtengo

Tiyerekezenso kuti bambo uja wagonja, walemba dzina la mlongo wake. Tsiku la msonkhano mayina akuwerengedwa, anthu 200 akhala pansi pa mtengo, ndipo pafupifupi onse akudziwa kuti gogo uja wasiyidwa. Wowerenga afunsa ngati pali wotsutsa. Anthu angoti zii. Pobwerera kunyumba nkhani ili ponseponse, kuchitsime ndi kuchigayo.

Apa ndi pamene ambiri a ife timayesedwa, chifukwa si tonse tili mu komiti koma tonse timakhala pansi pa mtengo. Timakhala chete poopa kudana ndi amfumu, poopa kuchotsedwa pamndandanda wa feteleza wotsika mtengo, ena poopa kulodzedwa. Kenako zimene tinalephera kunena pabwalo timazisandutsa miseche. Bahá'u'lláh analetsa miseche mwamphamvu, ndipo pano tikuona chifukwa china: miseche imaipitsa dzina la munthu, koma gogo uja simubwezera pamndandanda.

Luso la kukambirana limene timaphunzira pa Phwando la Masiku 19 ndi lofunikanso pabwalo la mudzi. Timanena chimene tikudziwa motsimikiza, mwaulemu, ndipo timaloza vuto osati munthu. Wina akhoza kuimirira nati, "Zikomo amfumu ndi a komiti. Tinauzidwa kuti thandizoli ndi la makomo opanda wolima. Pali khomo la agogo olera ana anayi limene sindinalimve. Tingalionenso?" Sanatchule wakuba, sananyoze aliyense, ndipo wapatsa komiti mpata wokonza popanda kuchita manyazi. Ndi bwinonso kuyamba taonana ndi wa komitiyo pambali tsiku la msonkhano lisanafike, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Zikakanika pamudzi, njira zilipo. Nkhani ikhoza kupita ku VDC, kuchoka apo ku ADC ya dera la mfumu yaikulu, kwa khansala, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya Mchinji. Ofesi ya Ombudsman imamva madandaulo a anthu amene sanachitiridwe chilungamo ndi maofesi a boma, ndipo bungwe la ACB limafufuza za ziphuphu. Kuyambira pa 30 Sepitembala 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga likugwira ntchito, choncho kufunsa kuti ndalama za mlatho kapena za chipinda cha sukulu zinali zingati ndipo zinayenda bwanji si chipongwe. Ife Abahá'í timaphunzitsidwa kumvera boma ndi malamulo ake. Njira izi anaziika ndi malamulo omwewo, ndipo kuzigwiritsa ntchito mwaulemu ndi mbali ya kumverako.

Funso: Ndi chiyani chimakutsekani pakamwa pamsonkhano wa mudzi? Anthu awiri kapena atatu angathandizane bwanji kuti wolankhula asakhale yekha?

5. Voti nayo ndi yoikizidwa

Tibwerere ku tsiku limodzi lija. Voti ili m'dzanja la munthu mmodzi, koma zotsatira zake zimagwera ana osafika zaka 18, odwala amene sanathe kufika pamzere, ndi mudzi wonse kwa zaka zisanu. N'chifukwa chake kuigulitsa ndi chitenje, sopo kapena ndalama n'chimodzimodzi kudya mbuzi ya mwini. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa opikisana kugawa zinthu pofuna kukopa mavoti, koma lamulo lokha silingakwanitse ngati ife tikutambasula manja.

Tikumbukirenso kuti pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha pa 21 Meyi 2019, ndipo dziko linavotanso pa 23 Juni 2020. Mwa zina, oweruza anapeza kuti mapepala ambiri a zotsatira anali ofufutidwa ndi tipeksi ndipo ena anali osasainidwa. Phunziro lake kwa ife si la chipani. Chisankho cha dziko lonse chimaima pa timapepala tolembedwa usiku m'makalasi a sukulu ngati zathu zino, ndi anthu wamba ngati ife. Wina wa ife akadzalembedwa ntchito ya chisankho, adziwe kuti cholembera chili m'dzanja lakecho ndi choikizidwa.

Abahá'í salowa zipani ndipo sachita kampeni, koma ali ndi ufulu wovota, poyang'ana khalidwe ndi luso la munthu. Chaka chilichonse pa Ridván, mu Epulo, timasankha anthu 9 a Bungwe Lauzimu mwachinsinsi, mopemphera, popanda wodzitchula kapena wotchula mnzake. Kumeneko timazolowera kufunsa funso limodzi: kodi munthuyu ndi wokhulupirika ndipo angatumikire onse? Funso lomwelo tipite nalo posankha komiti ya mjigo, khansala kapena phungu. Ndipo amene wapambana, ngakhale sitinamuvotere, timulemekeze, timuthandize pa zabwino, ndi kumufunsa za mbuzi zathu.

6. Zochita tisanakumanenso

Aliyense alembe kapena anene chinthu chimodzi cha anthu chimene chili m'manja mwake, kaya ndi kiyi, kope la ndalama, mndandanda kapena thumba la feteleza wa sabuside. Popeza tili kufupi ndi malire a Zambia, tikambirane moona mtima za thumba limeneli: likagulitsidwa kwa mavenda n'kuwoloka usiku, ndani wadyeredwa?

Awiriawiri tifufuze tsiku limene VDC ya kwathu imakumana, tikakhale nawo, ndipo tidzafotokozere gulu zimene tinamva.

Pomaliza, tiganizire khomo limodzi m'mudzi mwathu lofanana ndi la gogo uja. Tiliyendere sabata ino, timve mmene akukhalira, ndipo tidziwe ngati dzina lake linalembedwa paliponse. Tikatero titseke ndi pemphero, ndipo amene adzatsogolere kuwerenga ulendo wamawa asankhidwe lero.