Phunziro 14: Kuyenda Kunja pa Nthawi ya Zipolowe

Werengani mawu awa: ulendo, chipata, pasipoti, kazembe, zipolowe.

Anthu ambiri a ku Zolozolo, mu Mzuzu muno, amayenda kunja. Ena amapita ku Kyela, ku Mbeya kapena ku Dar es Salaam kukaoda katundu. Iwo amatulukira pa chipata cha Songwe ku Karonga. Ena amakwera basi ya ku Joni kukaona abale. Basiyo imadutsa ku Tete m'dziko la Mozambique, kenako ku Zimbabwe, n'kukalowa ku South Africa pa Beitbridge.

M'mayiko amenewa nthawi zina mumabuka zipolowe. Mu 2008 ndi mu 2015, anthu ena ku South Africa anaukira alendo. Mu 2015 boma lathu linatumiza mabasi kukatenga Amalawi. Ku Mozambique misewu inatsekedwa chitatha chisankho cha mu Okutobala 2024. Ku Tanzania, pa chisankho cha pa 29 Okutobala 2025, intaneti inazimitsidwa ndipo ku Dar es Salaam anthu analetsedwa kuyenda usiku.

Zipolowe zimamuvutitsa bwanji mlendo?

Msewu ukatsekedwa, basi imaima masiku angapo. Masitolo ndi mabanki amatseka. Intaneti ikazima, WhatsApp sigwira ntchito. Eni dziko amadziwa kothawira, koma mlendo sadziwa njira, chilankhulo chake n'chachilendo, ndipo ndalama zimamuthera msanga. N'chifukwa chake chitetezo chimayambira kunyumba, musanagule tikiti.

Musananyamuke

Safunsa anadya phula. Mverani wailesi, ndipo funsani madalaivala ndi anthu amene angofika kumene. Ngati kumeneko kuli chisankho kapena ziwonetsero, dikirani kuti kuyambe kwazizira.

Yendani ndi pasipoti yanu yeniyeni. Ofesi ya Immigration ilipo mu Mzuzu momwe muno. Musadutse njira zamadulira. Pa chipata onetsetsani kuti akudindirani, ndipo werengani masiku amene akupatsani. Ku South Africa Mmalawi amapatsidwa masiku 30.

Pangani fotokope ya pasipoti. Ina musiye kunyumba, ina muike m'chikwama china. Lembani manambala a foni a abale papepala, chifukwa foni imatha moto kapena kubedwa. Ndalama musaziike pamodzi, ndipo yobwererera muisunge payokha.

Kazembe amathandiza bwanji?

Kazembe ndi woimira dziko lathu kunja. Malawi ali ndi maofesi a akazembe ku Pretoria, ku Johannesburg, ku Maputo, ku Tete ndi ku Dar es Salaam. Pasipoti ikatayika, choyamba mumakanena kupolisi ndi kutenga kalata. Kalatayo mumapita nayo kwa kazembe. Iwo akatsimikiza kuti ndinu Mmalawi, amakupatsani chikalata chobwerera kumudzi. Apa ndi pamene fotokope ija imagwira ntchito. Wopanda pepala lililonse amachedwa kuthandizidwa.

Zipolowe zikakupezani

Khalani m'nyumba kapena kumalo ogona alendo. Musapite kukaonerera, ndipo musajambule apolisi kapena anthu okwiya. Musavale malaya a chipani, ndale za eni musalowerere. Anthu okwiya akafuna katundu wanu, apatseni. Katundu mudzagula wina. Uzani abale ndi ofesi ya kazembe komwe muli. Msewu ukatseguka, yendani masana pamodzi ndi anzanu.

Mafunso

1. Tchulani chipata chimene anthu opita ku Tanzania amatulukira.
2. N'chifukwa chiyani mlendo amavutika kwambiri pa zipolowe?
3. Kodi mungatani pasipoti itatayika kunja?

Zochita

Lembani m'kope mwanu dzina lanu, mudzi wanu, mfumu yanu ndi manambala a abale awiri. Kenako kambiranani m'magulu: ndani pakhomo panu angasunge fotokope ya pasipoti yanu mukakhala pa ulendo?