Phunziro la m'mabwinja a Fort Mangochi

Ambiri a ife kuno ku Limbe, Ndirande ndi Bangwe kumudzi kwathu ndi ku Mangochi, koma ndi angati amene tinakwerapo phiri la Mangochi, kufupi ndi Namwera? M'phirimo muli makoma a miyala, mabwinja a linga la Angerezi lomwe linkalondera chigawo cha kumalire ndi Mozambique.

Lingali lisanamangidwe, pamalopa panali likulu la Jalasi, mfumu ya Ayao yomwe inkachita malonda a minyanga ndi akapolo. Mu 1892 ankhondo ake anagonjetsa asilikali a atsamunda n'kuwalanda mzinga. Mu 1895 Angerezi anabweranso ndi gulu lalikulu, Jalasi n'kuthawira ku Mozambique. Mu 1897 anamangapo linga, lomwe pambuyo pake linasanduka ndende. Lero madenga kulibe, m'kati mwamera tchire.

Mbiri imeneyi tiziiphunzitsa mosakondera. Kulimba mtima kwa Jalasi kunalipodi, koma misozi ya anthu ogulitsidwa aja nayonso isaiwalike. Angerezi anathetsa malondawo, koma iwonso analanda dziko n'kuyamba kukhometsa msonkho. Onsewa anadalira phiri lomwelo, ndipo onse anachokapo. Qur'an imatilimbikitsa kuyendera malo otere kuti tione mathero a amene anatitsogolera. Ufumu wosatha ndi wa Allah yekha, ndipo wamphamvu aliyense adzafunsidwa momwe anachitira ndi ofooka.

Ophunzira, patchuthi kafunseni agogo zomwe anamva za Che Jalasi, mudzatibweretsere zolembedwa. Makolo ndi a komiti ya mzikiti, tithandizane kukonza ulendo wokaona malowa, Insha Allah.