Kwathu Kapena ku Joni? Tiyambe Tawerengera

Anzanga, pano pa Makuzi ndi mabanja ochepa amene alibe m'bale ku Joni. Mwina ndi mwana wanu, mwina ndi amuna anu, mwinanso ndi inu amene mukuganiza zopita.

Tsiku lina titaweruka sukulu ya kwacha, mayi ena anatsalira. Iwo anati, "Aphunzitsi, mwana wanga akuti tipinyolitse bwato la bambo ake kuti apeze ndalama ya ulendo. Kodi ndimuyankhe chiyani?" Ine sindinawauze kuti apite kapena asapite. Ndinati, "Mayi, tsopano mumadziwa kulemba manambala. Tengani pensulo tiwerengere." Nanunso tengani pensulo ndi pepala.

Kale ndi lero

Ulendo wa ku Joni sunayambe lero. Clements Kadalie, wa ku Chifira kufupi ndi Bandawe, anapita ku South Africa ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito lotchedwa ICU ku Cape Town. Agogo athu ambiri anapita kumigodi kudzera ku Wenela. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali kumigodi imeneyo. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene anali kubwerera kwawo. Boma linaletsa kulemba anthu. Mu 1977 anayambanso kulemba kudzera ku TEBA, koma mu 1988 zinatheratu.

Ntchito ya kumgodi inali yowawa ndi yoopsa. Koma taonani ichi. Munthu wa Wenela sankalipira ulendo. Ankagona m'komboni ndi kudya chakudya cha kampani. Gawo lina la malipiro ake ankadzalandirira kuno kumudzi. N'chifukwa chake ankabwera ndi njinga, wilesi ndi ndalama ya malata.

Lero sizili choncho. Pasipoti, basi, nyumba ndi chakudya, zonse mulipira nokha. Tsono musayerekeze ulendo wa lero ndi wa agogo anu.

Choyamba: zotsala m'thumba

Jambulani mzere pakati pa pepala. Kumanzere lembani KWATHU. Kumanja lembani KU JONI.

Lamulo la ku South Africa lili ndi malipiro otsikitsitsa. Mu March 2025 anawaika pa R28.79 pa ola. Munthu akagwira maola 8 pa tsiku, masiku 22 pa mwezi, ndiye kuti ndi pafupifupi R5,000. Mukasintha ndalama imeneyi kukhala makwacha, mutu umazungulira ndithu. Koma ambiri opanda mapepala salandira yonseyi. Ena amangogwira maganyu, lero ilipo, mawa palibe. Ndiponso marandi amenewo mudzadyera komweko, pa mitengo ya komweko.

Tiyeni tiyerekeze. Manambala awa ndi ongophunzirira. Mitengo yeniyeni mufunse kwa m'bale amene ali kumeneko.

Walandira: R4,000
Lendi ya chipinda: R1,200
Chakudya: R1,300
Ulendo wa kuntchito: R700
Magetsi, foni ndi sopo: R400

Phatikizani zinayi zam'munsizi. Zikukwana R3,600. Chotsani pa R4,000. Yotsala ndi R400 basi. Imeneyi ndiyo ndalama ya malata, ya fizi ya ana ndi yobwezera ngongole. Potumiza pa Mukuru kapena njira ina, amadulaponso pang'ono.

Tsopano lembani mbali ya KWATHU. Chinangwa cha kondowole chili m'munda. Usipa uli m'nyanja. Nkhuni simugula, lendi simulipira. Koma musadzinamize. Kuno ndalama imavuta kupeza. Mwera ukakula, mabwato amagona pamchenga masiku angapo. Sopo, mchere, shuga ndi fizi zimafuna ndalama. Mu November 2023 boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo ya katundu inakwera kwambiri. Lembani zonse moona, zabwino ndi zoipa zomwe.

Funso lenileni si lakuti, "Ndilandira zingati?" Funso ndi lakuti, "Pakutha pa mwezi nditsala ndi zingati?"

Chachiwiri: ngongole

Ambiri amanyamuka ndi ndalama yokongola. Tiyerekezenso. Mwakongola K600,000 ya katapila. Mwini ndalama akufuna theka lina pamwamba mwezi uliwonse, ndiye kuti K300,000. Mwafika ku Joni ndipo mwakhala miyezi itatu osapeza ntchito. Chiwongoladzanja chokha chafika K900,000. Ngongole yonse yakwana K1,500,000. Inu muli kutali, koma wakatapila ali pafupi ndi mayi anu. Bwato lija lapita, ndipo banja lonse lasowa ndiwo.

Kotero musanakongole, dzifunseni mafunso atatu. Kodi ndibweza zingati zonse pamodzi? Kodi ndikalephera alanda chiyani? Kodi chinthu chimenecho ndi changa ndekha kapena chimadyetsa banja lonse? Ngati muli m'gulu la banki mkhonde, funsani chiwongoladzanja cha kumeneko ndi kuyerekeza. Pangano lililonse lilembedwe papepala, pakhale mboni, ndipo muliwerenge nokha musanasaine. Si chimene tinaphunzirira kuwerenga?

Chachitatu: pogona

Kuno malo omanga nyumba mumapeza kudzera kubanja ndi kwa amfumu. Njerwa mumaumba ndi kuotcha nokha. Chovuta ndi malata, simenti ndi misomali. Nyumba ikatha ndi yanu ndi ya ana anu, ngakhale itenge zaka zisanu.

Ku Joni pogona ndi pa lendi. Mwezi ukatha, mwini nyumba safunsa ngati mwadwala kapena ntchito yatha. Pofuna kusunga ndalama, ambiri amagona anayi kapena asanu m'chipinda chimodzi, ena m'tinyumba ta malata okhaokha. Malo otsika mtengo nthawi zina ndi oopsa. Pa 31 August 2023 moto unabuka m'nyumba yosanja yotchedwa Usindiso mumzinda wa Johannesburg. Anthu oposa 70 anafa, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi. Choncho funsani bwino: Kodi ndikagona kwa yani? Tilimo angati? Adzandisunga masiku angati ndisanayambe kulipira?

Chachinayi: zosaoneka papepala

Pasipoti ya Malawi imakulolani kukhala ku South Africa masiku 30 ngati mlendo. Chimenechi si chilolezo chogwira ntchito. Amene wapyola masiku ake angathe kugwidwa, kusungidwa ku Lindela ndi kubwezedwa kuno chimanjamanja. Angathenso kuletsedwa kulowa m'dzikomo kwa chaka chimodzi kapena zaka zisanu.

Kumbukiraninso kuti mu 2008 ndi mu 2015 anthu ena a kumeneko anaukira alendo. Mu 2015 boma lathu linatumiza mabasi kukatenga Amalawi amene anathawa m'nyumba zawo. Ambiri anasiya katundu yense. Ndiponso munthu akamwalira kumeneko, kubweretsa maliro kuno kumadya ndalama zambiri. N'chifukwa chake anzathu ena amasonkherana mwezi ndi mwezi m'magulu a maliro. Ndalama imeneyonso ilembedwe papepala lanu.

Kodi tsono osapita?

Sindikutero ayi. Tonse tikuziona nyumba za malata ndi mainjini a maboti amene agulidwa ndi ndalama ya ku Joni. Tikuwadziwanso matchona amene anapita kalekale osatumiza ngakhale kalata. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Amene wapita ndi ndalama yakeyake, ali ndi pofikira podziwika, ndipo wasunga padera ndalama yobwerera, ameneyo wayamba bwino.

Mayi aja anatenga pepala lawo kupita nalo kunyumba. Madzulo anakhala pansi ndi mwana wawo ndi amalume ake. Sabata yotsatira anandiuza kuti, "Aphunzitsi, mnyamata akufunabe kupita. Koma bwato silipinyolitsidwa. Ayamba wapha usipa chaka chino kuti asunge yekha ya ulendo."

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi ulendo wa Wenela unkasiyana bwanji ndi ulendo wa lero?
2. Munthu walandira R4,500 ndipo waononga R3,800. Watsala ndi zingati?
3. Tchulani zinthu ziwiri za pakhomo panu zimene simuyenera kupinyolitsa. Chifukwa chiyani?
4. Lembani kalata yaifupi kwa m'bale wanu amene ali ku Joni. Mufunseni mtengo wa lendi, wa ufa ndi wa ulendo wa kuntchito. Yankho likabwera, mubwere nalo kusukulu tidzawerengere limodzi.